Namondwe pa Gombe la Tanzania: Mlendo Wodza Anthu Ataiwala

Owerenga athu ambiri akamva za namondwe amaganiza za Beira, Quelimane ndi chisumbu cha Madagascar, pakuti kumeneko mphepo za mkuntho zochokera m'nyanja yamchere ya India zimafika kawirikawiri. Koma kumpoto kwake, kuyambira ku Mtwara ndi Lindi kufikira ku Dar es Salaam ndi Zanzibar, kuli gombe limene munthu angathe kubadwirako, nakula, nakalamba osaona namondwe weniweni. Mbiri ya gombe limeneli iyenera kudziwika kwa onse ogwira ntchito za Boma ndi aphunzitsi, chifukwa ikutiphunzitsa kuti tsoka lodza kamodzikamodzi limapweteka koposa, popeza limapeza anthu ataiwala.

Tiyambe ndi kufunsa chifukwa chake namondwe safikafika kumeneko. Kuti namondwe abadwe pafunika madzi a m'nyanja ofunda, osachepera madigiri 26 kapena 27, ndiponso pafunika mphamvu yopotoza mphepo kuti izizungulira monga kamvuluvulu. Mphamvu imeneyi imadza chifukwa cha kuzungulira kwa dziko lapansi. Ili yaikulu kutali ndi mzere wa ikweta, koma imachepa munthu akamayandikira mzerewo, ndipo pa ikweta penipeni palibe. Nchifukwa chake anamondwe sabadwa kawirikawiri m'kati mwa madigiri 5 kuchokera pa mzerewu. Tsono Zanzibar ili pafupifupi madigiri 6 kumwera kwa ikweta, ndipo Lindi ili pa madigiri 10. Kuonjezera apo, anamondwe a nyanja imeneyi, amene nyengo yawo imayamba mu Novembala kufikira mu Epulo, amayenda cha kumadzulo kenaka nakhotera kumwera, kotero kuti ambiri amagwera Madagascar ndi Mozambique, nalisiya gombe la Tanzania pambali.

Koma lamulo lililonse la chilengedwe lili ndi tsiku lake lopatuka. Pakati pa mwezi wa Epulo m'chaka cha 1872, namondwe wamkulu anagwa pa chisumbu cha Zanzibar, nawolokera ku Bagamoyo. Zombo zimene zinali pa doko zinamira kapena kuponyedwa kumtunda, kupatula sitima imodzi yotchedwa Abydos, ndipo pakati pa zoonongekazo panali zombo za Sultan Barghash mwini wake. Nyumba zambiri zinagwa, ndipo nyumba ya mishoni ya UMCA, mishoni yomwe ija inayambira ku Magomero, inaonongekanso.

Chachikulu chimene chinatayika ndi mitengo ya karafuu, zokometsera chakudya zimene zinali msana wa chuma cha Zanzibar. Mitengo yambiri ya karafuu ndi kokonati inazulidwa usiku ndi usana umodzi, pamene mtengo wa karafuu umafuna zaka zingapo kuti uyambe kubala. Chisumbu cha Pemba, chimene chili kumpoto pang'ono, chinapulumuka, ndipo kuchokera pamenepo ndicho chinasanduka mwini wa malonda a karafuu. Patangopita chaka chimodzi, mu Juni 1873, Sultan uja, atataya zombo ndi chuma, anaumirizidwa ndi Angerezi kudzera mwa John Kirk kusaina pangano lotseka msika wa akapolo wa ku Zanzibar, msika umene unameza anthu ambiri otengedwa m'mbali mwa nyanja yathu ya Malawi.

Zitatha izi gombe linakhala pa mtendere zaka 80. Ana a anthu amene anaona tsoka la 1872 anakalamba namwalira, ndipo nkhaniyo inatsala m'makalata a amishoni ndi a amalinyero okha. Ndipo m'chaka cha 1952, mwezi womwewo wa Epulo, namondwe wina anagwera mudzi wa Lindi, m'dziko limene pa nthawiyo linkatchedwa Tanganyika. Mphepo yake inathamanga makilomita pafupifupi 180 pa ora, nisasula madenga, nigwetsa nyumba ndi mitengo, ndipo anthu 34 anafa. Panthawiyo kunalibe makina a m'mlengalenga ojambula mitambo monga alipo lero, motero anthu a ku Lindi analibe nthawi yokwanira yokonzekera.

Pambuyo pake panadutsanso zaka zambiri za bata, kufikira m'chaka cha 2019. Pa 25 Epulo chaka chimenecho, patangopita masabata 6 chigwere namondwe Idai ku Beira, namondwe Kenneth anadutsa pa zisumbu za Comoros nalunjika kumalire a Tanzania ndi Mozambique. Boma la Tanzania linachenjeza anthu a ku Mtwara ndi Lindi, ndipo ambiri anasamukira kumalo otetezeka. Koma Kenneth anagwera kumwera kwa malirewo, m'chigawo cha Cabo Delgado, kumpoto kwa mzinda wa Pemba wa ku Mozambique, ndi mphepo ya makilomita pafupifupi 220 pa ora. Chisumbu cha Ibo ndi boma la Macomia zinaphwasuka, ndipo anthu oposa 40 anafa m'dziko la Mozambique. Nalonso linali dera limene anthu ake sanazolowere namondwe wa ukali wotere.

Mu Epulo 2021 namondwe Jobo analunjika ku Dar es Salaam, koma anafooka ali pafupi ndi gombe. Ndipo kumayambiriro kwa Meyi 2024 namondwe Hidaya anafika pa chisumbu cha Mafia, kumwera kwa Dar es Salaam. Maboti onyamula anthu pakati pa Dar es Salaam ndi Zanzibar anaimitsidwa, asodzi anauzidwa kuti asalowe m'nyanja, ndipo magetsi anazima m'madera ambiri. Kusiyana kwa 1952 ndi 2024 kuli poyera. Lero anamondwe a nyanja imeneyi amalondoledwa ndi akatswiri a zanyengo a pa chisumbu cha La Réunion, amene amatumiza machenjezo ku maiko onse a chigawo chino masiku angapo mphepo isanafike.

Wina angafunse kuti zonsezi zikutikhudza bwanji ife okhala kutali ndi nyanja yamchere. Choyamba, gawo lalikulu la mafuta a galimoto ndi katundu wina wa dziko lino limadzera pa doko la Dar es Salaam, motero tsoka la dokolo lingamveke mpaka ku Karonga, Mzuzu ndi Lilongwe. Chachiwiri, matenda a kuiwala tili nawo ifenso. Mu Disembala 1946 chimvula cha namondwe chinagumula phiri la Zomba, chimene makolo athu anachitcha napolo, koma pamene namondwe Freddy anagwetsa matope pa phiri la Soche ndi ku Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023, anapeza nyumba zambiri zitamangidwa m'njira za madzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Mankhwala a kuiwala ndiwo kulemba ndi kuphunzitsa. Kalaliki amene amalemba muyeso wa mvula tsiku ndi tsiku, ndi mkulu wa pa boma amene amasunga bwino mabuku akale osalola chiswe kuwadya, akugwira ntchito yopulumutsa anthu amene sanabadwe. Mphunzitsi naye, pophunzitsa za maiko ndi nyengo, atchule zaka izi: 1872, 1952, 2019 ndi 2024, ndipo atume ana kukafunsa agogo awo kumene madzi anafika pa chigumula chachikulu cha m'dera lawo. Ndipo chenjezo la Boma likamveka pa wailesi, tilimvere msanga, ngakhale kumalo kumene palibe wamoyo amene anaonapo zotere. Anthu a ku Lindi nawonso anali asanaonepo.