Kangaude wa m'botolo

Mlungu watha tidakamba za abuluzi ndi njoka, nyama zomwe thupi lake silitha kudzifunditsa lokha. Lero tione kangaude wamkulu waubweya uja wokhala m'maenje, amene Azungu amamutcha tarantula, dzina lochokera ku mzinda wa Taranto ku Italy. Kwathu kuno ku Mauwa timakumana naye pogalauza m'munda, ndipo ambirife tikangomuona, khasu limakhala litagwa kale. Koma ku Britain, Germany ndi America alipo anthu omwe amamuweta m'nyumba monga momwe ife tiwetera nkhunda, ndipo ina mwa mitundu yomwe amaikonda ndi ya kuno ku Africa konkuno. Umodzi mwa iyo, Pterinochilus murinus, womwe kawirikawiri umaoneka ngati lalanje lakupsa, udalembedwa m'mabuku a sayansi ndi Reginald Pocock mu 1897.

Ine za kasungidwe kake ndidaziphunzira mwa njira yowawa. Chaka china mu Okutobala, mnyamata wina wa Folomu 2 adabwera naye wamoyo m'botolo lagalasi, ataboola chivundikiro mwaluso kuti mpweya uzilowa. Ndidamuyamikira pamaso pa anzake, ndipo ndi dzanja langali ndidaika botololo pawindo kuti onse azimuona bwino. Pamene tidapita kukadya nkhomaliro, dzuwa lidafika pawindopo. Pobwerako tidapeza kangaude uja atafa, atapinda miyendo yonse isanu ndi itatu kunsi kwa thupi. Mnyamatayo sadanene kanthu. Adangotenga botolo lake n'kutuluka. Wolakwa ndidali ine, mphunzitsi wa sayansi.

Kodi chidamupha n'chiyani? Thupi la kangaude limatsata kutentha kwa malo amene ali. Kutchire, dzuwa likaswa mtengo, iye amatsikira pansi penipeni pa dzenje lake lomwe adaliyala ndi ulusi, kumene dothi limakhala lozizirira ndi lachinyontho. Mu Juni ndi Julaye, chiperoni chikakuta phiri la Chiradzulu, dzenje lomwelo ndilo limamufunditsa, pakuti dothi silizizira msanga ngati mpweya wa panja. M'botolo muja adalibe kothawira, ndipo galasi limalola dzuwa kulowa koma kutentha sikutuluka msanga. Ngakhale kupinda miyendo kuja kuli ndi chifukwa chake: mfundo zina za miyendo ya kangaude zilibe minofu yozitambasula, choncho amazitambasula popoperamo madzi a m'thupi mwake. Mphamvu yopopayo ikatha, kapena madziwo akachepa, miyendo imapindika yokha.

Oweta a kumaiko ozizira aja amayesetsa kuti m'bokosi la kangaude kutentha kuzikhala pakati pa madigiri 24 ndi 28 a Celsius. Chodabwitsa n'chakuti, ngakhale kwawo kumagwa chipale chofewa, iwo amaopa kutentha koposa kuzizira. Kukazizira pang'ono kangaude amangofooka n'kusiya kudya, kukafunda n'kuyambiranso. Kutentha kukanyanya amafa tsiku lomwelo. N'chifukwa chake odziwa amamata kachipangizo kamagetsi kotenthetsera m'mbali mwa bokosi, mbali imodzi yokha, osati kunsi. Nzeru yobadwa nayo imamuuza kangaude kuti akamva kutentha akumbe kulowera pansi, ndipo moto ukakhala pansipo ndiye kuti akudzikumbira yekha manda.

Wophunzira wa kwathu kuno safunika magetsi aliwonse. Akafuna kusunga kangaudeyu masiku owerengeka, apeze chotengera chachikulu chokhala ndi mabowo, athiremo dothi lakuya ngati kutalika kwa chikhatho kapena kuposerapo, aikemo khungwa lobisalamo ndi kachivundikiro ka madzi, n'kuchiika pansi m'chipinda cha mkati, kutali ndi windo. M'nyumba yamalata mu Okutobala, pa alumali pafupi ndi denga ndi pa ng'anjo. Mu Juni musamumvere chisoni n'kumusendeza kufupi ndi mbaula. Chakudya chake ndi ziwala ndi mphemvu zamoyo. Ndipo asamugwire ndi manja, chifukwa akaluma ululu wake si wamasewera.

Komabe ine ndidaleka kulandira akangaude m'kalasi. Wamkazi amatha kukhala ndi moyo zaka zambiri m'dzenje limodzi, ndipo sindiona chifukwa chomufukulira kaamba ka phunziro la mphindi 40. Masiku ano ndimauza ophunzira anga kuti akapeze dzenje lokhala ndi ulusi pakhomo pake, akadikire chapatali madzulo ali ndi tochi, ndipo m'mawa mwake adzandiuze nthawi yomwe mwini nyumba adasuzumira panja.