Ntchito ya Opanga Mafilimu a Anthu Oiwalika m'Makomboni a Lusaka

Pakati pa ntchito zimene zakula mumzinda wa Lusaka kuyambira cha m'ma 2000 pali ntchito yopanga mafilimu, ndipo mwa anthu oigwira muli kagulu kochepa kamene kanasankha kuloza kamera kwa anthu amene nkhani zawo sizimveka kawirikawiri, monga aulumali, achialubino, ana ogona m'misewu ndi atsikana amene anasiya sukulu ali aang'ono. Ambiri mwa anthu oterewa amakhala m'makomboni, ndiko kuti m'madera othinana a anthu opeza zochepa monga Kanyama, Matero, Chawama, George, Kalingalinga, Mtendere ndi Kalikiliki, kumene kumakhala anthu oposa theka la mzinda wonse. Kalikiliki ili kummawa kwa mzindawu, moyandikana ndi Mtendere, ndipo siili patali ndi nyumba za mipanda italiitali za ku Kabulonga ndi Ibex Hill, kotero kuti wojambula amene waima kumeneko amaona umphawi ndi chuma zitayang'anizana.

Pa nthawi ya atsamunda kanema ankagwiritsidwa ntchito m'Zambia ngati chida cha boma. Bungwe la Central African Film Unit, limene linagwira ntchito kuyambira 1948 mpaka 1963, linkapanga mafilimu ophunzitsa anthu akuda ulimi, ukhondo ndi kumvera malamulo, ndipo magalimoto ankayenda nawo m'midzi ndi m'makomboni. Anthu ankaonetsedwa zimene ena awakonzera, osafunsidwa maganizo awo. Opanga mafilimu a masiku ano akuyesa kutembenuza zimenezi, kuti mwini nkhani azilankhula yekha.

Filimu imodzi imafuna manja ambiri. Dayirekita ndiye mtsogoleri amene amasankha mmene nkhani ionekere. Prodyusa amafunafuna ndalama ndi zilolezo. Wojambula amagwira kamera. Wina amatola mawu. Ndipo pamapeto pake pali wolumikiza zithunzi pa kompyuta, amene amasankha zotsala ndi zotayidwa. Ku Lusaka, kumene ndalama za ntchitoyi n'zochepa, si zachilendo kuti munthu mmodzi asenze maudindo atatu mwa amenewa. Mafilimuwo ali mitundu iwiri: sewero, mmene ochita masewero amatengera moyo wa anthu ena, ndi dokumentale, imene imajambula anthu enieni pa moyo wawo weniweni popanda kuwalembera zonena.

Koma gawo lolemera la ntchitoyi limachitika kamera isanatuluke m'chikwama. Wofuna kujambula m'komboni amayamba waonana ndi khansala, atcheyamani a pamsika, alandilodi ndi akuluakulu a mpingo, kenako amakhala ndi banja limene akufuna kulijambula masiku ambiri akungocheza, chifukwa anthu amene anajambulidwapo ndi alendo n'kusaonanso zithunzi zawo amakayika, ndipo kukayika kwawo kuli ndi maziko. Funso lakuti wojambulayo akadya ndalama zingati pa nkhope zawo limabwera msanga, ndipo liyenera kuyankhidwa moona. Pambuyo pake pamabwera zovuta za malo. Wotola mawu amalimbana ndi phokoso la chigayo, la mabala ndi la zokuzira mawu za m'matchalitchi. Nthawi ya dzinja njira zimadzaza madzi moti galimoto yonyamula zida siingalowe. Ndipo malaiti akazima, monga mmene zinalili kwa maola ambiri tsiku lililonse mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, mabatire satchajidwa ndipo wolumikiza zithunzi amangokhala manja lende.

Chitsanzo chapafupi ndi Kalikiliki ndi filimu ya Between Rings ya mu 2014, imene a Jessie Chisi anapanga pamodzi ndi a Salla Sorri a ku Finland. Filimuyi imatsata moyo wa a Esther Phiri, amene anakulira ku Mtendere, anasiya sukulu bambo awo atamwalira, anagulitsa ndiwo zamasamba pamsika ndi kubereka mwana akali mtsikana, kenako n'kuyamba nkhonya ku bungwe la achinyamata la Africa Directions m'komboni momwemo, mpaka kukhala katswiri wodziwika pa dziko lonse pophunzitsidwa ndi a Anthony Mwamba. Chimene chimaipatsa mphamvu filimuyi si malamba amene a Phiri anapata, koma nkhani imene ili pansi pake, ya mkazi amene akukankhidwa kuti asankhe pakati pa ukwati ndi ntchito imene ikudyetsa abale ake. A Chisi ndi wachibale wa a Phiri, ndipo n'zovuta kukhulupirira kuti mlendo wongofika ndi kamera akanaloledwa kumva zakukhosi zotere. Apa m'pamene pali phata la ntchito yonseyi: kuyandikana ndi anthu kumaposa kukwera mtengo kwa zida.

A Musola Cathrine Kaseketi, amene anabadwira ku Solwezi mu 1968, ndi mmodzi mwa amayi oyamba kugwira ntchitoyi mwaukatswiri m'Zambia. Iwo analumala mwendo ali khanda chifukwa cha jakisoni wobayidwa molakwika, ndipo ataphunzira za mafilimu ku Johannesburg anatsogolera zigawo zina za Kabanana, sewero la pa wailesi yakanema limene linatchuka kwambiri, asanakhazikitse bungwe la Vilole Images Productions mu 2002. Filimu yawo ya Suwi ya mu 2009 imasimba za mtsikana amene analumala pa ngozi ya pamsewu ndi ubale wake ndi mwana wa m'misewu, ndipo siionetsa munthu waulumali ngati wopemphetsa chifundo koma ngati munthu amene ali ndi chikondi, mkwiyo ndi zolinga zake. A Kaseketi anapitirira pa kujambula: anaphunzitsa achinyamata ndi amayi aulumali luso la kamera, ndiponso anayambitsa chikondwerero cha mafilimu cha Shungu Namutitima ku Livingstone. Kuphunzitsa kotereku kunachitikanso ku Samfya, kumene bungwe la Camfed linapatsa amayi akumidzi makamera kuti ajambule okha nkhani ya mtsikana wamasiye, monga mmene filimu ya Where the Water Meets the Sky ya mu 2008 imaonetsera.

M'zaka zaposachedwa mafilimu a mtunduwu afika kutali. Can You See Us? ya a Kenny Mumba, yochokera pa moyo wa woimba wachialubino John Chiti, inakhala filimu yaitali yoyamba ya ku Zambia kuonetsedwa pa Netflix mu 2023, ndipo inaika poyera kukanidwa kwa ana achialubino ndi abambo awo komanso kusakidwa kwawo ndi anthu ofuna zizimba. A Rungano Nyoni, obadwira ku Lusaka koma okulira ku Wales, analandira mphoto ya BAFTA mu 2018 chifukwa cha I Am Not a Witch, nkhani ya kamtsikana konamiziridwa ufiti, ndipo On Becoming a Guinea Fowl ya mu 2024, imene imavundukula nkhanza zogonana zobisidwa m'banja pa nthawi ya maliro, inawapezetsa mphoto pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes. Ku Malawi nako, The Road to Sunrise ya a Shemu Joyah ya mu 2017 inalowa m'moyo wa amayi oyendayenda a ku Blantyre popanda kuwaweruza.

Komabe maina otchukawa asabise mmene ambiri ogwira ntchitoyi amakhalira. Amadalira maganyu ojambula maukwati, makitcheni pate, nyimbo ndi malonda, kapena ntchito zochokera ku mabungwe othandiza anthu. Ndalama za mabungwe zatheketsa mafilimu ambiri onena za Edzi, kolera ndi nkhanza za m'banja, koma zimabwera ndi uthenga wokonzeratu, ndipo wopanga filimu akagonja kwathunthu, munthu wa m'komboni amasanduka chitsanzo cha vuto m'malo mokhala munthu wathunthu. Kutsegulidwa kwa tchanelo ya wailesi yakanema ya Zambezi Magic mu 2015 ndi sukulu ya MultiChoice Talent Factory ku Lusaka mu 2018 kwawonjezera ntchito ndi maphunziro, ngakhale kuti msika umenewu umakonda kwambiri masewero a chikondi ndi mikangano ya m'mabanja.

Chosowa chachikulu chili pa kuonetsa. Nyumba zoonetsera kanema zili m'misika yamakono monga Manda Hill, Netflix imafuna mabandulo ndi ndalama za mwezi ndi mwezi, ndipo zikondwerero za kunja sizifikirika kwa mayi wogulitsa tomato pa kantemba. Motero filimu yojambulidwa m'komboni ikhoza kuomberedwa m'manja ku Ulaya pamene eni nkhaniyo sanaione. Opanga mafilimu, bungwe la National Arts Council, khonsolo ya mzinda, masukulu ndi mipingo ayenera kuika ndalama ndi malo padera kuti filimu iliyonse yojambulidwa ku Kalikiliki, Mtendere kapena Kanyama izionetsedwa kumeneko kwaulere, m'chinenero chimene anthuwo amalankhula, opanga ake alipo kuti ayankhe mafunso.