Mneni "Kulongosola": Tanthauzo Lake ndi Kagwiritsidwe Kake ku Kaunda Square

M'nkhani ino tifuna kuunika mneni "kulongosola" monga momwe amamvekera pakati pa olankhula Chinyanja ku Kaunda Square, dera la kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, pafupi ndi msewu wa Great East. Mfundo yathu ndi yakuti mneniyu ndiye amene amanyamula ganizo la kuchititsa kuti ntchito iyende bwino popanda kutaya nthawi, mphamvu kapena ndalama.

Tiyambe ndi kapangidwe ka mawuwa. Kuchokera ku tsinde -longosol- timapeza "kulongosoka", umene uli msintho wochitika, ndiponso dzina lakuti "dongosolo" la m'gulu la Li-Ma. M'dzinali l wasanduka d, monga tionera pa "duwa" ndi "maluwa". Mneniyu ali ndi matanthauzo awiri: kuika zinthu m'malo mwake, ndi kufotokoza nkhani momveka. Matanthauzowa ndi apachibale, pakuti wofotokoza bwino amaika mfundo iliyonse pamalo pake.

Taonani zitsanzo izi za pamsika ndi pamalo okwerera minibasi:

(1) Longosolani mzere kuti anthu akwere msanga.
(2) Malonda a mayiwa ndi olongosoka, sataya matimati.

Mu (1) kufulumira ndi chipatso chabe cha dongosolo. Mu (2) liwiro silikutchulidwa n'komwe. Chimene chikuyamikidwa ndi kusawononga. Apa mpamene "kulongosola" asiyana ndi "kufulumiza", amene amanena za liwiro lokha, ndi "kukonza", amene kawirikawiri amanena za chinthu chowonongeka. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika, ndipo Chinyanja chimasiyanitsa changu, chimene ndi chabwino, ndi phuma, limene limawononga ntchito.

Komabe Chinyanja cha mu Lusaka chili ndi mneni wina wopikisana naye. Uyu ndi "kuwamya", wochokera ku "kuwama", mawu opezeka m'Chinsenga ndi m'Chibemba, amenenso timawamva m'dzina la komboni ya Chawama. "Kuwamya" amaloza ku ubwino wa chinthu chikatha, pamene "kulongosola" amaloza ku njira imene ntchito yadzera.

Nkhaniyi ikukhudza aphunzitsi mwachindunji. Mu 2014 boma la Zambia linayamba kuphunzitsa ana a Giredi 1 mpaka 4 m'zilankhulo za m'madera, ndipo ku Lusaka chinali Chinyanja. Pamenepo kusiyana kwa Chinyanja cha m'mabuku ndi cha pakhomo kunaonekera poyera. Mwana wozolowera "kuwamya" akhoza kumva "kulongosola" ngati kufotokoza kokha, tanthauzo lina n'kumuphonya.

Choncho tikupempha aphunzitsi ndi omasulira kuti asathamangire mawu akuti "kufulumira" pomasulira ganizoli. Ayambire pa mawu amene mwana wabwera nawo, kenaka amuonetse mzere wa paminibasi ndi milu ya matimati pamsika, kuti aone yekha chimene "kulongosola" akuwonjezera.