Kinuwa: mlendo wofunika kumusambitsa asanalowe m'poto

Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma mlendo amene wayamba kufika m'makhitchini ena m'dziko muno ali ndi khalidwe loti mukapanda kulidziwa, mutha kumupirikitsa tsiku loyamba lomwelo.

Mlendoyu ndi mbewu yomwe dzina lake limalembedwa kuti quinoa, koma potchula amati kinuwa. Njere zake n'zazing'ono ngati mawere, zophwatalala pang'ono, ndipo zilipo zoyera, zofiira ndi zakuda. Ngakhale amaphikidwa ngati mpunga, kinuwa si mbale wa mpunga kapena chimanga. Mbale wake ndi bonongwe.

Kwawo kwa kinuwa ndi kumapiri a Andes ku South America, makamaka madera ozungulira nyanja ya Titicaca m'malire a Peru ndi Bolivia, komwe anthu akhala akumulima kwa zaka zikwizikwi. Kumapiri komweko n'komwe kudachokera mbatata ya kachewere yomwe lero imadzaza misika ya ku Dedza ndi ku Ntcheu ngati kuti ndi ya makolo athu.

Kuno kwathu kinuwa adafika m'chaka cha 2012 pomwe katswiri wa za mbewu ku Bunda, a Moses Maliro, mogwirizana ndi a Kevin Murphy a ku Washington State University ku America, adayamba kuyesa mitundu yosiyanasiyana ya mbewuyi ku Bunda ndi ku Bembeke m'boma la Dedza. Chaka chotsatira, 2013, bungwe la United Nations lidachitcha chaka cha kinuwa padziko lonse.

Vuto limene limagwetsa mphwayi anthu ophika kinuwa koyamba ndi kuwawa. Njere iliyonse imakutidwa ndi mankhwala achilengedwe otchedwa saponin, omwe ntchito yake ndi kuteteza mbewuyo ku mbalame ndi tizilombo ikadali kumunda. Mankhwalawa amawawa, amamveka ngati sopo m'kamwa, ndipo ena amawasokoneza m'mimba.

Mayi amene wangotsanulira njerezo m'poto osatsuka amaphula chakudya chooneka bwino, koma ana amangolawa kamodzi n'kukankha mbale. Bambo nawo amayamba kufunsa kuti ndalama yapita pa chiyani. Pakhomo potero dzina la kinuwa silitchulidwanso, chonsecho cholakwa chidali cha mphindi zisanu zokha.

Anthu a ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota sangadabwe ndi nkhaniyi. Iwo amadziwa kuti chinangwa chowawa sachitaya, amachiviika kaye m'madzi asanapange ufa wa kondowole. Kinuwa ntchito yake n'njochepa kuposa pamenepo chifukwa kuwawa kwake kuli kunja kwa njere, osati m'kati.

Choyamba ndi kupeta pa lichero kuti mungu ndi timiyala zichoke, makamaka ngati kinuwayo wachokera kwa mlimi. Kenako njerezo zimaikidwa m'beseni la madzi ozizira n'kumazifikisa ndi manja monga momwe munthu amachapira kansalu. Pamwamba pa madzi pamabwera thovu ngati mwagwera sopo. Madziwo amatayidwa, n'kuthira ena, mpaka thovu litasiya kubwera. Wosakhulupirira atafune njere ziwiri zitatu: ngati zikuwawabe, ndiye kuti kutsuka sikudathe.

Kinuwa wa m'mapaketi a m'sitolo nthawi zambiri amakhala atatsukidwa kale kufakitale, komabe kumutsukuluza kawiri sikuononga kanthu. Chofunika kusamala ndi potaya madzi. Njerezi n'zazing'ono moti zimapita ndi madzi mosavuta, choncho ndi bwino kukhuthulira pa sefa ya mabowo aang'ono kapena pa kansalu koyera kochapa bwino.

Muyezo wake ndi wosavuta kukumbukira: kapu imodzi ya kinuwa, makapu awiri a madzi, ndi mchere pang'ono. Madzi akawira, poto amavundikiridwa ndipo moto umachepetsedwa. Pa mbaula, apa ndi pophula makala ena, apo ayi pansi pamapserera pamwamba pasanapse. Pakatha mphindi pafupifupi 15 madzi amakhala atauma.

Chizindikiro choti wapsa chimadabwitsa amene akuona koyamba. Njere iliyonse imatulutsa kamchira koyera kopiringizika, moti ena amaganiza kuti chakudyacho chagwa mphutsi. Si mphutsi ayi, ndi kamtima ka njere komwe kakadamera ikadadzalidwa. Poto akaphulidwa ayenera kukhala chivundikirire kwa mphindi zisanu, kenako n'kumasula njerezo ndi foloko.

Mthiko apa ulibe ntchito. Dzanja lozolowera kuvundula nsima limayabwa kufuna kutakasa, koma kinuwa wotakasidwa kwambiri amasanduka phala lomata. Kapu imodzi yosaphika imatulutsa makapu pafupifupi atatu, choncho banja loyesa koyamba lisathire paketi yonse.

Kakomedwe kake kamafanana pang'ono ndi mtedza, ndipo ena amayamba amukazinga pang'ono m'poto wouma akatha kumutsuka kuti fungolo limveke. Payekha kinuwa alibe chikoka chenicheni. Amafuna msuzi. Nyemba zothira tomato ndi anyezi, usipa, kapena masamba otendera zimamuyenera monga zimayenerera mpunga wa Kilombero. Kwa ana ndi akulu okayikira, njira yabwino ndi kusakaniza kinuwa wophikaphika ndi mpunga, kapena kumuphika ndi madzi ochulukirapo kuti akhale phala lothira nsinjiro.

Nanga n'kuvutikiranji ndi mbewu yachilendo pomwe chimanga chilipo?

Yankho lili pa zakudya zomanga thupi. M'magalamu 100 a kinuwa wosaphika muli magalamu pafupifupi 14 a mapuloteni, pomwe chimanga chili ndi pafupifupi 9 ndipo mpunga woyera pafupifupi 7. Chachikulu n'choti mapuloteni a chimanga ndi operewera mbali imodzi yofunika pa kakulidwe ka mwana, yomwe akatswiri amaitcha lysine. Mwana atha kukhuta nsima tsiku ndi tsiku koma thupi osalandira zokwanira zomangira. Kinuwa ali ndi lysine wochuluka, kuphatikizapo ayironi wothandiza magazi.

Nkhaniyi si yaing'ono m'dziko lomwe kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu adali opinimbira.

Komabe pasakhale wonamiza mnzake kuti popanda kinuwa ana sakula. Nyemba, soya, nandolo ndi usipa zimatseka bowo lomwelo pa mtengo wotsika, ndipo zimapezeka pamsika uliwonse. Kinuwa wa m'masitolo akuluakulu a m'mizinda ndi wodula, ndipo ngakhale kwawo ku Peru ndi Bolivia mtengo wake udakwera katatu pakati pa 2006 ndi 2013 anthu a ku Ulaya ndi America atayamba kumulimbirana. Kugulitsa nkhuku kuti mugule paketi ya kinuwa kungakhale kusinthanitsa ndiwo yabwino ndi dzina chabe.

Odwala matenda a shuga amamva zambiri za mbewuyi. N'zoona kuti kinuwa sakweza shuga m'magazi mofulumira ngati mpunga woyera, koma ndi chakudya, si mankhwala, ndipo salowa m'malo mwa zomwe a kuchipatala adalamula.

Pomwe kinuwa angapindulire banja la pa tauni yaing'ono ndi pomwe wadzalidwa kuseri kwa nyumba kapena kudimba. Amacha m'miyezi itatu kapena inayi, amapirira ng'amba, koma sagwirizana ndi kutentha kwambiri pa nthawi yochita maluwa, n'chifukwa chake madera okwera ndi nyengo yozizira zimamukomera. Mvula ikamupeza atakhwima, njere zimamera zili pamtengo pomwepo. Njere za m'paketi ya m'sitolo sizodalirika kudzala popeza zina zimakhala zitapalidwa ndi makina, choncho wofuna mbewu ayambe wafunsa alangizi a zaulimi.

Wolima yekha amapindulanso ndi masamba. Akadali anthete amathyoledwa n'kuphikidwa ngati bonongwe, ndi tomato kapena nsinjiro.