MAKINA AANG'ONO AKAKANA KUDZUKA

M'dziko la Mfumu Yaikulu Mburuma, m'boma la Luangwa limene kale linachedwa Feira, mwalowa makina amene makolo sanawalote. Ambiri a iwo ali m'matumba a anthu, ndiwo lamya za m'manja zimene onse azicha foni. M'masukulu ndi m'zipatala zina za kumidzi m'Zambia mupezekanso timabokosi togawira intaneti, ndi timakompyuta tating'ono tosungira mabuku ndi maphunziro.

Tsiku lina kabokosi kotere kakana kudzuka. Kanyali kace kayaka, koma palibe cina cioneka. Eni ace angoti, "Kafa," nakaponya m'kabati, kapena adikira munthu wa ulendo wa ku Lusaka. Ulendowo suli wamasewera ai, pakuti kucokera pa Boma, kudzera pa mlatho wa Luangwa ndi kutsata mseu wa Great East kufikira mu Lusaka, ndiwo makilomita opitirira 300. Masabata apita, ndipo ana a sukulu akhala opanda mabuku amene ali m'kabokosimo. Komatu kawirikawiri makina otere sanafe. Angophonya njira pa kudzuka, ndipo munthu wodziwa kuwerenga, wodekha mtima, akhoza kuwabweza m'njira ali kwao komweko.

LINUX NDI WOOLOTSA WACE

Makina awa, ngakhale asiyana maonekedwe, ambiri ayendetsedwa ndi pulogalamu imodzi yochedwa Linux. Anaiyamba ndiye Linus Torvalds, mnyamata wa pa sukulu yaikulu ya ku Helsinki m'dziko la Finland, m'caka ca 1991, ndipo anailekera anthu onse kuti aigwiritse nchito ndi kuikonza popanda kulipira. Mtima wace wa Linux uchedwa kernel. Mtima umenewu uli m'foni zonse za Android, ulinso m'kakompyuta ka Raspberry Pi, kamene kanaturuka ku Britain m'caka ca 2012, kakang'ono ngati citupa.

Koma Linux sangathe kudzidzutsa yekha. Makina akazimitsidwa iye agona m'kakhadi ka SD, kapena m'kankhokwe ka m'kati mwa makina. Malo ace ogwirira nchito, ochedwa RAM, ali kwina. Pafunika wina womtenga kumene agona ndi kumfikitsa kumene agwira nchito. Ameneyo ndiye bootloader.

Anthu a ku Feira adziwa bwino nchito ya woolotsa pa dooko. Mlendo wofuna kunka ku Zumbo, tsidya lija la Luangwa m'dziko la Mozambique, sasambira. Akwera bwato, ndipo mwini bwato ampalasira kufikira kutsidya, namlozera njira, nabwerera. Bootloader ndiye woolotsa wa Linux. Amfuna pamene agona, amuolotsa, ampatsa kalata yonena za ulendo wace, ndipo nchito yace yatha. Woolotsa wodziwika koposa m'makina aang'ono ndiye U-Boot, amene anakula m'manja mwa Wolfgang Denk wa ku Germany, nalandira dzina limeneli m'caka ca 2002.

Kudzuka konse kuyenda m'ndondomeko. Magetsi akalowa, mau ocepa amene anaikidwa m'makina ku fakitale aitana bootloader; bootloader aolotsa kernel; kernel afuna gawo la kakhadi m'mene muli mapulogalamu ena onse. Anthu a ku migodi adziwa kuti keji silitsika kufikira belu litalira monga mwa lamulo. Momwemonso pano: cimodzi cikalephera, zonse za pambuyo pace ziima. Cifukwa cace nchito yoyamba ya wokonza ndiyo kupeza pamene ulendo waimira.

MAGETSI NDI KAKHADI

Asanakhudze za m'kati, wokonza ayambe ndi magetsi. Raspberry Pi 4 ifuna mavolti 5 ndi maampu 3, ndipo mphamvu ikatsika pansi pa mavolti 4.63 icenjeza. Caja ya foni yofooka, cingwe cacitali copyapyala, kapena batire la sola limene latha mphamvu usiku, zikhoza kuyatsa kanyali koma osakwanitsa kudzutsa makina. Nthawi zina makina ayamba kudzuka, nagwa, nayambanso, osafika. Ameneyo si matenda a bootloader, ndi njala cabe.

Caciwiri ndico kakhadi. Magetsi akazima mwadzidzidzi pamene makina ali kulemba, zolembedwa zionongeka. Pfumbi la m'cigwa ca Luangwa m'mwezi wa October lilowanso m'kabowo ka khadi. Wokonza akacotse, akapukute ndi kansaru kouma, akabwezeretse. Ngati ali ndi kakhadi kena kabwino, ayese kameneko. Raspberry Pi ilankhulanso ndi kanyali kace kobiriwira: kakaphethira kasanu ndi kawiri, kupumula, ndi kubwerezanso, ndiko kunena kuti woolotsa wafika pa dooko koma kernel sanampeze.

KUMVERA MAU A MAKINA

Makina ambiri aang'ono alibe galasi loonerapo, koma sali osalankhula. Pa kudzuka anena zonse zimene ali kucita, kudzera pa timano tating'ono ta citsulo timene tiri pa thabwa lace. Wofuna kumva agule kacingwe kochedwa USB-TTL, ka mavolti 3.3, kamene mbali yina kalowa m'kompyuta yaikulu. Mawaya ofunika ndi atatu okha: GND, TX ndi RX. GND apita kwa GND mnzace. TX ndiye pakamwa, RX ndiye khutu; cotero TX wa kacingwe alumikizidwe kwa RX wa makina, ndi RX kwa TX, pakuti pakamwa salankhula ndi pakamwa pena. Waya wacinai, wonyamula magetsi, asalumikizidwe konse, cifukwa akhoza kuocha makina. Pa Raspberry Pi timano timeneti ndi ta nambala 6, 8 ndi 10, ndipo m'fayilo yochedwa config.txt mulembedwe enable_uart=1.

Pa kompyuta yaikulu atsegule pulogalamu monga PuTTY kapena minicom, naike liwiro la 115200, limene makina ambiri agwiritsa nchito. Zikaoneka zilembo zosokonezeka zopanda tanthauzo, liwiro lalakwika. Pakakhala zii, ayambe wasinthanitsa TX ndi RX asanataye mtima.

Zonse zikakhala bwino U-Boot adzichula dzina, nawerenga kukula kwa RAM, nalemba m'Cingelezi kuti "Hit any key to stop autoboot". Apa woolotsa ali kudikira kanthawi pa dooko. Wokonza akadina batani liri lonse, bwato liima, ndipo akhoza kufunsa mafunso. Akalemba printenv, U-Boot aonetsa malangizo ace onse. Mwa iwo awiri ndiwo akulu: bootcmd, wonena kumene akatenge kernel ndi m'mene akamuolotsere, ndi bootargs, kalata ija imene apatsa kernel pa kutsazikana.

MATENDA ATATU

Matenda oyamba ndiwo akuti woolotsa sapeza mlendo. U-Boot anena kuti fayilo palibe, naima. Kawirikawiri bootcmd ali kufuna pa khomo lolakwika. Makina ena ali ndi kankhokwe ka m'kati ndi kakhadi komwe, cina nambala 0, cina nambala 1, ndipo woolotsa agogoda pa nyumba ya eni ace. Kapena dzina la fayilo lasiyana ndi limene liri m'malangizo, ngakhale ndi cilembo cimodzi. Wokonza alembe fatls mmc 0:1 kuti aone maina a mafayilo amene alipodi, nawalinganize ndi zolembedwa mu bootcmd.

Matenda aciwiri anyenga ambiri. Mau otsiriza kuoneka ndiwo "Starting kernel ...", ndipo pambuyo pace pali cete. Apa woolotsa wamaliza nchito yace, mlendo waoloka. Nthawi zambiri Linux ali moyo ndithu, koma ali kulankhulira pa zenera lina, cifukwa m'kalata mau akuti console achula timano tina, kapena liwiro lina. Nthawi zina colakwa ndi fayilo yochedwa device tree, imene iri ngati mapu ofotokoza ziwalo zonse za makina. Linux akapatsidwa mapu a makina ena, asokera asanayambe n'kulankhula komwe.

Matenda acitatu aoopsa maso, pakuti makina alemba "Kernel panic", nanena kuti alephera kutsegula root. Tanthauzo lace nlakuti mlendo wafika kutsidya koma nyumba yace saiona. M'kalata muli mau monga root=/dev/mmcblk0p2, ndiko kuti kakhadi koyamba, gawo laciwiri. Nambala imodzi ikalakwika, Linux agogoda pamene palibe khomo. Pafunikanso liu lakuti rootwait, louza Linux kuti adikire kufikira kakhadi katakonzeka; popanda liuli afulumira, napeza kakhadi kali m'tulo, nayesa kuti palibe.

Raspberry Pi ili ndi woolotsa wace wace, ndipo kalata yace iri m'fayilo ya cmdline.txt, pa gawo loyamba la kakhadi, imene iwerengeka pa kompyuta iri yonse. Lamulo lace nlakuti mau onse akhale pa mzere umodzi. Munthu akadula mzerewo pawiri kuti uoneke bwino, zonse za pa mzere waciwiri sizimveka.

MALAMULO A WOKONZA

Wokonza wanzeru alemba m'kope malangizo onse monga anawapeza, asanasinthe kanthu. Asintha cinthu cimodzi pa nthawi imodzi, kuti adziwe cimene caciritsa. Mu U-Boot liu lakuti setenv lisintha malangizo kwa ulendo umodzi wokha, ndipo magetsi akazima zakale zibwerera. Liu lakuti saveenv ndilo lokhazikitsa. Cotero ayambe wayesa, ndipo makina akadzuka bwino, pamenepo ndi pamene asunge. Zikasokonezeka kotheratu, env default -a abweza malangizo amene U-Boot anabadwa nao.

Lamulo lina nlakuti asatseke khomo lobwerera. Ena acotsa kanthawi kodikira kaja, kochedwa bootdelay, kuti makina adzuke msanga; tsiku la bvuto asowa polowera. Nkhani ya ku Macha, m'boma la Choma, ithandiza pano. Kumeneko, ca m'ma 2007, anthu a LinkNet anagawira intaneti ku nyumba za pafupi ndi cipatala ca mishoni ndi timabokosi ta Linksys, timene anaikamo Linux. Timabokosi ta mtundu umenewo tiri ndi langizo lochedwa boot_wait. Likakhala lotseguka, woolotsa adikira masekondi owerengeka pa kudzuka, kuti ngati pulogalamu ya m'kati yaonongeka, alandire yatsopano kudzera pa cingwe. Likakhala lotseka, kulakwa kumodzi kukhoza kusandutsa kabokosi njerwa. Masekondi awiri kapena atatu a m'mawa ndi mtengo wocepa kwa munthu wokhala kutali ndi sitolo.

Cinthu cimodzi cokha cifunika mantha eni eni, ndico kulemba pamwamba pa bootloader mwini. Malangizo olakwika akonzeka, pakuti woolotsa akali pa dooko. Koma bwato likamira, palibe woolotsa wina wapafupi, ndipo pa makina ambiri pafunika zida za mmisiri. Munthu asayese zimenezi ndi batire lofooka, kapena mvula ya mphezi iri kudza.

Eni mafoni nao amvetse. Foni ya Android irinso ndi bootloader, koma opanga anaikhoma. Nthawi zina m'thumba batani loyatsira lidinika pamodzi ndi lotsitsira mau, ndipo foni ionetsa liu lakuti Fastboot, osapitirira. Siinaonongeke, yangoima pa dooko. Kugwira batani loyatsira kwa masekondi khumi kapena kuposapo kuibweza. Koma wina akati, "Bwerani nayo ndiimasule," mwini foni adziwe kuti kumasula bootloader kufafaniza zonse ziri m'foni, zithunzi ndi makalata omwe.

Sukulu kapena cipatala cimene ciri ndi kabokosi kotere cicita bwino kusunga zinthu zitatu m'kabati ya mphunzitsi wamkulu kapena ya namwino: kakhadi kaciwiri kokopedwa pamene makina anali bwino, kacingwe ka mawaya atatu, ndi kope la malangizo.  Cotsala ndico mtima wofatsa wakuwerenga mzere uli wonse umene makina alemba, pakuti akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.