Kadyedwe pambuyo pa opaleshoni yochepetsa chifu

Kadyedwe pambuyo pa opaleshoni yochepetsa chifu ndi ndondomeko ya zakudya imene munthu amatsatira madokotala akachotsa mbali ya chifu chake, kapena akasintha njira imene chakudya chimadutsa m'mimba. Opaleshoni yotereyi imachitidwa pofuna kuchepetsa thupi la munthu wonenepa mopitirira muyezo, komanso pochiza khansa ya m'chifu ndi zilonda zam'mimba zimene zafika poipa. Chifu chikachepa, munthu amakhuta ndi masipuni owerengeka, choncho chilichonse chimene wadya chiyenera kukhala chopindulitsa thupi. Kwa Amalawi, amene anazolowera kukhuta nsima ndiwo zili pang'ono, kusintha kwakukulu n'kwakuti ndiwo ndizo zimakhala chakudya chenicheni, nsima n'kukhala yongoperekeza. Zitsanzo zili m'munsimu ndi za dera la Likangala, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba.

Mbiri ndi mitundu ya opaleshoni

Mu 1881, dokotala Theodor Billroth wa ku Vienna anachotsa mbali ya chifu cha mayi wodwala khansa, ndipo mayiyo anadzuka bwinobwino pa opaleshoniyo. M'zaka zotsatira madokotala anaona kuti anthu ochotsedwa mbali ya chifu ankaonda ndipo sankabwereranso thupi msanga. Mu 1966, Edward Mason wa pa yunivesite ya Iowa ku United States anagwiritsa ntchito nzeru imeneyi pothandiza anthu onenepa kwambiri.

Masiku ano pali mitundu iwiri yofala. Pa sleeve gastrectomy amachotsa pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a chifu, n'kutsala kachifu kooneka ngati nthochi. Pa gastric bypass amasiya kathumba kakang'ono ngati dzira, kolowa mamililita pafupifupi 30, n'kukalumikiza ku matumbo aang'ono kuti chakudya chizilambalala chifu chotsalacho. Posankha oyenera opaleshoni amayang'ana BMI, yomwe imapezeka poyerekeza kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake. Malangizo a mu 1991 ankafuna BMI ya 40, kapena 35 ngati munthuyo ali ndi matenda monga a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Mu 2022 malirewo anatsitsidwa kufika pa 35.

Kafukufuku wa zaumoyo wa m'Malawi wa 2015-16 anapeza kuti amayi 21 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kuposa muyezo. Opaleshoni yochepetsa thupi imachitika m'zipatala zolipira za m'mayiko monga South Africa, Kenya ndi India, ndipo ndi yodula. Munthu wa ku Likangala amene chifu chake chachepetsedwa kawirikawiri amakhala amene anatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Zomba kapena cha Queen Elizabeth ku Blantyre chifukwa cha chotupa kapena chilonda chimene chinatseka njira ya chakudya. Malamulo a kadyedwe ndi ofanana kwambiri kwa onse awiri. Kusiyana kwake n'kwakuti wina akufuna kuonda mosadwala, pamene winayo akufuna kuti asapitirire kuonda.

Zimene zimasintha m'thupi

Chifu cha munthu wamkulu chimatha kusunga chakudya chokwana lita imodzi kapena kuposerapo. Chimapera chakudyacho, chimachisakaniza ndi asidi amene amapha tizilombo, kenako chimachitulutsa pang'onopang'ono kupita m'matumbo. Chimapanganso madzi ena othandiza thupi kutenga vitamini B12. Opaleshoni imachepetsa ntchito zonsezi.

Vuto lodziwika kwambiri ndi limene madokotala amalitcha dumping syndrome. Chakudya chotsekemera chikathamangira m'matumbo, chimakoka madzi kuchokera m'magazi. Pakapita mphindi 10 mpaka 30, munthu amatuluka thukuta, mtima umagunda mofulumira, amachita chizungulire, nseru, kapena kutsekula m'mimba. Ena vutoli limawapeza pakapita ola limodzi mpaka maola atatu, shuga wa m'magazi akatsika mwadzidzidzi, ndipo amanjenjemera ndi kufooka. Tiyi wothira shuga wambiri, thobwa lotsekemera, Sobo, nzimbe ndi uchi ndi zina mwa zimene zimayambitsa vutoli.

Masabata oyambirira

Ndondomeko imasiyana pang'ono malinga ndi chipatala, ndipo mawu a dokotala amene anachita opaleshoniyo ndiwo oyenera kutsatidwa. Komabe zipatala zambiri zimagawa nthawiyi m'magawo anayi.

Pa masabata awiri oyamba munthu amangomwa zamadzimadzi, mopsontha pang'onopang'ono tsiku lonse. Msuzi wa nkhuku kapena wa nsomba wosefa ndi wochotsa mafuta, mkaka, ndi phala lamadzi kwambiri lopanda shuga ndizo zimagwiritsidwa ntchito.

Sabata yachitatu ndi yachinayi ndi ya zakudya zopota, zosalala ngati phala la mwana. Chipere cha nyemba kapena cha nandolo, dzungu lopota, peyala, nthochi yakupsa, ndi nsomba yophika yochotsa minga yosinja mu kamtondo zimayenera. Masipuni awiri kapena anayi amakwana pa nthawi imodzi.

Sabata yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi munthu amayamba zofewa, zimene zimaphwanyika ndi sipuni: dzira lophika, mlamba wophika, mbatata, ndi masamba ophika mpaka kufewa.

Kuyambira sabata yachisanu ndi chiwiri kapena yachisanu ndi chitatu amabwerera ku zakudya za masiku onse, koma poyesa chimodzichimodzi. Chimene chamukana amachisiya kaye, n'kudzachiyesanso pakapita sabata imodzi kapena ziwiri.

Kagawidwe ka mbale

Munthu wotere amafunika magalamu 60 mpaka 80 a zakudya zomanga thupi pa tsiku, kuti bala lipole ndiponso minofu isathe. Dzira limodzi limapereka magalamu 6, kapu ya mkaka magalamu 8, ndipo nsomba yaiwisi yolemera magalamu 100 imapereka magalamu pafupifupi 18. Popeza sangadye zonsezi nthawi imodzi, amadya kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku m'kambale kakang'ono.

Dongosolo lake ndi kuyamba ndi nsomba, dzira, nyama kapena nyemba, kenako masamba, n'kumalizira nsima kapena mpunga ngati malo atsala. Theka la mbale limakhala la zomanga thupi. Chakudya chimodzi chimatenga mphindi 20 mpaka 30, ndipo akamva kuthina pachifuwa amaleka pomwepo. Chizolowezi chomeza mbamu ya nsima osatafuna, makamaka ikakhala ya therere, n'choopsa kwa munthu wotere chifukwa mbamuyo imatha kutsakamira pakhomo la kachifu n'kumusanzitsa. Nsima iyenera kukhala yofewa, mbamu zikhale zazing'ono, ndipo azitafuna mpaka zisungunuke m'kamwa.

Zakudya za ku Likangala ndi kaphikidwe kake

Mtsinje wa Likangala umachokera m'phiri la Zomba, umadutsa mu mzinda wa Zomba, n'kukathira m'nyanja ya Chilwa, yomwe ndi yachiwiri kukula m'Malawi. Kumunsi kwa mtsinjewu kuli sikimu ya mpunga ya Likangala, ndipo anthu amalimanso chimanga, nandolo, khobwe, mbatata ndi masamba a m'dimba. Nsomba zazikulu za m'nyanjayi ndi zitatu: matemba, makumba ndi mlamba. Zakudya zimene wodwala amafunika zimapezeka pafupi. Chimene chimasintha ndi kaphikidwe.

Mlamba ndi wofewa ndipo ulibe minga yambiri ing'onoing'ono, choncho ndi wabwino kuyamba nawo. Umaphikidwa m'madzi ndi tomato, anyezi ndi mchere pang'ono m'malo moukazinga. Wowamba umanyikidwa kaye m'madzi ofunda kuti ufewe. Amene sadya mlamba pa zifukwa za chipembedzo angagwiritse ntchito makumba, bola achotse minga mosamala.

Matemba ouma ali ndi zomanga thupi zochuluka, ndipo popeza amadyedwa ndi mafupa omwe, amaperekanso kashiamu. Okazinga amakhala olimba kwa munthu wochitidwa opaleshoni. Njira yabwino ndi kuwatsuka kuti mchenga uchoke, kuwaumitsanso, kuwawamba pang'ono pamoto, kenako kuwasinja ndi kusefa. Ufa umenewu umasungika m'botolo louma, ndipo sipuni imodzi kapena ziwiri zimathiridwa m'phala, m'chipere kapena m'masamba akupsa.

Chipere chimakonzedwa ponyika nyemba kapena nandolo usiku wonse, kuchotsa makoko, kuphika mpaka zitapsa kwambiri, n'kupota ndi mthiko. Kuchotsa makoko kumachepetsa mpweya m'mimba. Nkhwani, bonongwe, chitambe ndi kholowa zimasadzulidwa bwino, n'kuduladula tating'ono, ndipo zimakoma kutendera. Nsinjiro zimawonjezera zomanga thupi, koma zili ndi mafuta, choncho wofuna kuonda amathira zochepa pamene wofuna kubwerera thupi angathe kuwonjezera. Soda ndi chidulo zimafewetsa masamba koma zimawononga mavitamini ena, makamaka B1 ndi C.

Mpunga, ngakhale uli wochuluka m'derali, umavuta ambiri m'miyezi yoyamba chifukwa umafufuma ndi kugwirana m'mimba. Phala la mpunga lothira nsinjiro limalowa bwino kusiyana ndi mpunga wouma. Pa ufa wa nsima, mgaiwa umaposa ufa woyera chifukwa kukonola ndi kunyika mphale kumachotsa vitamini B1 wambiri. Phala la chimanga chosakaniza ndi soya, ngati Likuni Phala, ndi labwino m'mawa likakhala lopanda shuga. Futali wa mbatata kapena wa dzungu amasinthitsako m'kamwa.

Kuti chakudya chikome popanda shuga ndi mafuta ambiri, ophika amadalira tomato, anyezi, adyo, jinja ndi madzi a mandimu. Mandasi, zitumbuwa, zigege, tchipisi ndi kanyenya zimadzaza malo popanda phindu ndipo zimayambitsa nseru. Chimanga chootcha, nyama yolimba, ulusi wa mango ndi zamkati mwa malalanje zimatha kuundana m'chifu. Papaya wakupsa ndi nthochi sizivuta.

Madzi ndi zakumwa

Chimene chimabwezera anthu ambiri kuchipatala m'masabata oyamba ndi kuchepa kwa madzi m'thupi. Munthu amafunika lita imodzi ndi theka kapena kuposerapo pa tsiku, koma sangagugudize kapu yonse nthawi imodzi. Amayenda ndi botolo n'kumapsontha, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene chigwa cha Chilwa chimatentha kwambiri. Samwa pamene akudya. Amasiya mphindi 30 asanadye ndi mphindi 30 atadya. Zakumwa za mpweya zimatupitsa mimba. Mowa, kaya ndi masese kapena kachasu, umalowa m'magazi msanga kuposa kale ndipo umaledzeretsa ndi wochepa.

Ukhondo wa madzi ndi wofunika mwapadera m'derali. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo kolera wakhala akubuka kawirikawiri pakati pa asodzi, makamaka okhala m'zimbowera. Mu 2016 kunachitika katemera wa kolera wa asodziwa. Asidi wa m'chifu ndi amene amapha tizilombo tambiri ta kolera tisanafike m'matumbo, choncho munthu wochepetsedwa chifu amatenga matendawa mosavuta. Madzi ake akumwa ayenera kuwiritsidwa kapena kuthiridwa kulorini, ndipo nsomba zizipsa bwino.

Mavitamini ndi mankhwala

Chakudya chokha sichikwanira. Ochitidwa gastric bypass kapena ochotsedwa mbali yaikulu ya chifu amamwa mapiritsi a mavitamini, ayironi ndi kashiamu moyo wawo wonse, ndipo ambiri amabayidwa jakisoni wa B12 miyezi itatu iliyonse. Kusowa kwa B12 kumachepetsa magazi ndi kuwononga mitsempha, ndipo kumatha kuonekera patapita zaka, munthu akuganiza kuti anachira kalekale. Kafukufuku wa 2015-16 uja anapezanso kuti amayi 33 pa 100 alionse anali ochepa magazi, ndipo m'madera a mpunga malungo ndi likodzo zimawonjezera vutoli. Chiwindi, mazira ndi nsomba zimathandiza. Tiyi amalepheretsa thupi kutenga ayironi, choncho samwedwa pamodzi ndi chakudya.

Mankhwala opha ululu monga Brufen, aspirin ndi diclofenac amatha kuyambitsa zilonda pamene anasoka, ndipo sayenera kugulidwa pagolosale popanda kufunsa achipatala. Amayi ochitidwa opaleshoni yochepetsa thupi amalangizidwa kudikira miyezi 12 mpaka 18 asanatenge pakati.

Pabanja ndi pagulu

M'makomo ambiri anthu amadyera mbale imodzi, ndipo wodya pang'onopang'ono amapeza ndiwo zatha. N'chifukwa chake wodwala amapatulidwira zake, koma n'kukhala pamphasa imodzi ndi anzake. Sipafunika mphika wapadera: ndiwo zake zimachotsedwa mu mphika wa banja asanathire mafuta ambiri kapena tsabola. Kukana chakudya kwa eni ake kumaoneka ngati mwano, ndipo munthu akaonda msanga anthu amayamba kunong'ona za matenda ena. Achibale akamvetsa chifukwa chake, amasiya kumukakamiza kuti amalize mtanda pa ukwati kapena pa maliro. Ofuna kusala kudya pa Ramadan kapena pa mapemphero ena ayenera kuyamba afunsa dokotala.

Nsomba sizipezeka nthawi zonse. Nyanja imatsekedwa kwa asodzi a makoka m'miyezi ina ya dzinja kuti nsomba ziswane, ndipo inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, n'kuphwanso mbali yaikulu mu 2018. Banja limene lili ndi munthu wotere limasungiratu ufa wa matemba, nandolo wouma, soya, mtedza ndi mfutso, ndipo limaweta nkhuku za mazira, kuti m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale asadalire phala lokha.

Zizindikiro zofunika kuthamangira kuchipatala

Munthu ayenera kupita kuchipatala mwamsanga ngati akusanza kosalekeza, akulephera kumeza ngakhale madzi, mkodzo wachepa ndi kuda, akutentha thupi, mtima ukugunda kwambiri, m'mimba mukupweteka mosasiya, kapena chimbudzi chada ngati phula. Kusanza kwa masabata angapo kumatha vitamini B1 m'thupi, ndipo zizindikiro zake ndi dzanzi m'miyendo, kuyenda modzandira, kuona zinthu ziwiriziwiri ndi kusokonezeka maganizo. Vutoli limachizika ndi jakisoni likapezeka msanga, koma likachedwa limawononga ubongo mpaka kalekale.