Bagel: buledi wodzera mumphika asanalowe mu uvuni

Pa msewu wa Saint-Viateur mumzinda wa Montreal, ku Canada, pali bekale imene yakhala ikuphika kuyambira mu 1957. Mukalowa mumapeza nkhuni zounjikidwa pafupi ndi uvuni, chimtanda cha ufa wa tirigu chili patebulo, ndi munthu amene akuchicheka ndi mpeni. Amadula kachidutswa, kukafikisa mpaka katalike, kukazunguliza pachikhatho, kenako n'kukanikiza patebulo kuti nsonga zake zigwirane. Dzanja likamachoka, patebulo pamatsala kamkombero ka chibowo pakati, ndipo iye wayamba kale kena. Timikombero timeneti sitipita ku uvuni mwachindunji. Timayamba taponyedwa mumphika wa madzi owira othira uchi, kenako timagubuduzidwa m'chitowe tikadali tonyowa, n'kuyalidwa pa matabwa ataliatali opyapyala amene wophika amalowetsa kumoto.

Ameneyu ndiye bagel. Munthu womuona koyamba amamuyesa donasi, ndipo akaluma amakhumudwa: alibe mafuta, shuga wake ndi wongolawitsa, ndipo mano amagwira ntchito. Koma amene anamuzolowera amafuna kulimba komweko. Bagel wofewa wongosungunuka m'kamwa amamuyesa wachinyengo.

Chimene chimasiyanitsa bagel ndi buledi wamba ndi mphika uja. Mtanda ukagwa m'madzi owira kwa theka la mphindi kapena mphindi imodzi, sitachi yapamwamba imapsa n'kupanga khungu lopyapyala. Khungu limeneli limatseka mtandawo, moti ukalowa mu uvuni sufufuma mwaufulu monga amachitira buledi wamba. Mkati mumatsala mothinana, kunja kumatuluka kofiirira ndi konyezimira. Kuwiritsa nthawi yaitali kumakhuthalitsa khungu ndi kulimbitsa bagel. Kungomuviika n'kumuvuula kumam'siya wofewerapo. Wophika aliyense ali ndi muyeso wake, ndipo ambiri amathira m'madzimo uchi kapena madzi okoma a chimera cha barele kuti mtundu ugwire bwino.

Ntchito imayambira kutali mphika usanafike pamoto. Ufa wake umafunika wamphamvu, wokhala ndi gluten wambiri, amene ndiye amapangitsa mtanda kutamuka osaduka. Madzi amathira ochepa, ongopitirira pang'ono theka la kulemera kwa ufa, choncho mtanda umakhala wouma ndi wolimba, wotopetsa mikono pokanda. Amaonjezera yisiti, mchere ndi chimera. Ophika osamala akaumba timikombero amatigoneka mufiriji usiku wonse, kuti yisiti igwire ntchito mosathamanga. Kukoma kwenikweni kumachokera pamenepa, komanso timatuza ting'onoting'ono timene timaoneka pakhungu la bagel wopsa bwino. M'mawa amayesa kamodzi m'mbale ya madzi: kakayandama ndiye kuti kakonzeka, kakamira ayembekezabe.

Anthu a ku New York amakonda kunena kuti chinsinsi cha mabagel awo ndi madzi a m'mipope yamumzindawo, amene ambiri amachokera ku mapiri a Catskill. N'zoona kuti madziwo ali ndi michere yochepa ndipo zimenezi zimakhudza mtanda pang'ono. Koma nkhaniyi amaikometsera. Wophika amene akuthamangitsa mtanda ndi kudumpha mphika, ngakhale mutam'tungira madzi a ku Catskill pa ndowa, atulutsabe buledi wa chibowo basi.

Bagel ndi chakudya cha Ayuda a ku Poland. Anatchulidwa m'malamulo a Ayuda a mumzinda wa Kraków mu 1610, monga chimodzi mwa zinthu zopatsa mayi amene wangobereka kumene. Mumzinda womwewo muli buledi wina wamkombero wowiritsa, obwarzanek, amene mbiri yake ndi yakale kuposa pamenepo, ndipo mpaka lero amagulitsidwa m'misewu m'tingolo tabuluu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, Ayuda ambiri othawa umphawi ndi chizunzo kum'mawa kwa Ulaya anakakhala ku Lower East Side, mu New York, ndipo luso lija anapita nalo. Ankaphikira m'zipinda zapansi pa nyumba, zotentha ndi zauve, kwa maola ambiri pa malipiro ochepa, mpaka anadzipangira bungwe la ogwira ntchito. Nthambi yawo, Local 338, inali ndi amuna pafupifupi 300 okha, ndipo kulowamo kunali kovuta ngati bambo ako kapena m'bale wako sanali membala kale. Popeza bagel aliyense ankaumbidwa ndi manja awo, mawu awo ankamveka. Atanyanyala ntchito mu 1951, nyuzipepala zinalemba za njala ya mabagel mumzindamo.

Mphamvu imeneyi inathyoka ndi makina. Daniel Thompson wa ku California anapanga makina oumba mabagel, ndipo mu 1963 banja la Lender la ku New Haven, limene linatsegula bekale mu 1927, linayamba kuwagwiritsa ntchito. A Lender ankaumitsa mabagel mufiriji, kuwalongedza m'mapepala apulasitiki atadula kale pakati, n'kuwatumiza m'masitolo a dziko lonse la America. Anthu amene anali asanaonepo bekale ya Ayuda anadziwira bagel m'mapaketi amenewa. Mu 1984 kampaniyo inagulidwa ndi Kraft, eni ake a tchizi chopaka cha Philadelphia.

Kutchuka kumeneku kunabwera ndi mtengo wake. Mtanda wolimba umavutitsa makina, ndiye mafakitale anaufewetsa. Kuwiritsa kumadya nthawi ndi antchito, ndiye ambiri anasiya mphika n'kumangopopera nthunzi mu uvuni. Bagel anakulanso thupi, chibowo n'kumacheperachepera mpaka ena kutsekeka. Wogula wa lero ayenera kudzisankhira ndi maso ndi zala. Khungu likhale lofiirira ndi lowala, osati lotuwa. Mukam'finya abwerere m'malo mwake, asaphwatalale. Mukam'tembenuza n'kupeza pansi pali timadontho tondondozana mwadongosolo, nthawi zambiri ndi chizindikiro choti anapsera pa chiwaya chobowolabowola cha kufakitale. Ndipo funsani nthawi imene watuluka mu uvuni, chifukwa bagel weniweni sakhalitsa: wam'mawa amakhala atayamba kuuma pofika madzulo, ndipo wogona amafunika kum'dula pakati n'kum'tenthetsa. Amene amakhalabe wofewa sabata yathunthu pashelefu, m'kayikireni.

Nanga wabwino amapezeka kuti? Mkangano waukulu uli pakati pa New York ndi Montreal, ndipo sudzatha. Wa ku New York ndi wamkulu, wamchere, wonenepa, woyenera kudula pakati n'kuikamo zinthu. Ess-a-Bagel, yomwe inatsegulidwa mu 1976, ndi imodzi mwa malo amene anthu amaima pamzere. Pa msewu wa East Houston pali Russ & Daughters, sitolo imene inayamba mu 1914, yodziwika ndi nsomba: kumeneko bagel amam'paka tchizi chofewa n'kuyalapo nsomba ya salmon yothira mchere, yocheka mopyapyala kwambiri. Kaphatikizidwe kameneka kali ndi chifukwa chake. Malamulo a zakudya a Chiyuda salola kudya nyama pamodzi ndi zamkaka, koma nsomba ndi mkaka n'zololedwa, choncho masitolo a nsomba ndi tchizi ankaima paokha, a nyama paokhanso.

Wa ku Montreal ndi wocheperako, wopyapyala, wa chibowo chachikulu, wotsekemera pang'ono chifukwa cha uchi, ndipo mumtanda mwake mumalowa dzira. Amapsera pa nkhuni, ndiye mbali ina imada kuposa inzake, zimene okonda bagel ameneyu amati ndiye ulemerero wake. Ambiri amawaza chitowe kapena timbewu takuda ta poppy. Bekale ija ya St-Viateur, imene anayambitsa Myer Lewkowicz, munthu wopulumuka ku ndende ya Buchenwald, ili kamtunda kakang'ono kuchokera ku mnzake wopikisana naye, Fairmount, yemwe mbiri yake imayambira mu 1919 ndi Isadore Shlafman. Anthu amumzindamo anagawikana pa mabekale awiriwa, ndipo a Fairmount ali ndi chonyadira chawo: mu 2008 Greg Chamitoff, wobadwira ku Montreal, ananyamula mabagel awo popita m'mlengalenga, ku International Space Station. Mutati ndisankhe pakati pa mizinda iwiriyi, ndingaloze Montreal, pa chifukwa chimodzi: bagel wake wotentha safuna kupaka kanthu, amadyeka ali yekha kuchokera m'kathumba kapepala.

Amene ali ku Britain sayenera kuwoloka nyanja. Pa Brick Lane, kum'mawa kwa London, dera limene kale linali la Ayuda ambiri ndipo lero ladzaza malo odyera a anthu ochokera ku Bangladesh, pali Beigel Bake, yotsegulidwa mu 1974, imene sitseka usiku ndi usana. Oyendetsa matakisi, ochokera kokasangalala ndi alendo amaima pamzere umodzi pakati pa usiku. Bagel wawo ndi wofewerapo kuposa wa ku New York, ndipo chimene ambiri amalondola ndi nyama ya ng'ombe yosungidwa mumchere, yophikidwa mpaka kufewa, yocheka mokhuthala, yopaka mpiru wowawa wotulutsa misozi. Ogulitsa amafulumira, muzifika pakauntala mutadziwa kale chimene mukufuna. Ku South Africa, komwe Ayuda ambiri makolo awo anachokera ku Lithuania, poyambira pabwino ndi masitolo a zakudya a Ayuda ku Johannesburg ndi ku Sea Point mu Cape Town.

Wokhala kutali ndi mizinda yonseyi angathe kudziphikira, pakuti palibe chofunika chimene n'chachilendo kwathu kuno. Chitowe amalima ku Chikwawa ndi ku Nsanje, uchi ulipo, yisiti ndi ufa wa buledi zili m'masitolo. Ufa wa keke ndiwo wosayenera chifukwa ndi wofooka. Pa kilogalamu imodzi ya ufa thirani madzi opitirira pang'ono theka la lita, kandani mpaka mtanda usalale, umbani timikombero ta chibowo chachikulu kuposa mmene mukufunira popeza chimachepa pophika, ndipo tigonetseni pozizira. Wiritsani titatu kapena tinayi nthawi imodzi kuti madzi asasiye kubwadamuka, ndipo uvuni ukhale utatentha kale kufika madigiri 230 musanalowetse, kwa mphindi 15 mpaka 20.